Lezala Lothyola Pawiri

Wometa analowa m'chipinda cha namwino akukutumula tsitsi la anthu pamalaya ake. Mkazi wake, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anali atakhala pabenchi, kapepala kali m'manja. Ndiye anamuimbira foni kuti atseke shopu abwere kusikelo msanga, koma atafika mkaziyo sanamuyang'ane n'komwe.

Namwino sanazungulire. Anati m'magazi a mayiyo mwapezeka kachilombo kotupitsa chiwindi ka mtundu wa B, ndipo bambo nawonso ayenera kuyezetsa.

Wometa anaseka. Anali munthu wa pakamwa, wozolowera kuti anthu amamvera iye mitu ili chowerama. Anafotokoza kuti chikasu anadwala kale, chaka chomwe paipi ya zonyansa inaphulika n'kusakanikirana ndi madzi akumwa mumsewu wawo. Theka la msewu linayenda ndi maso achikasu, mwezi utatha onse anachira, ndipo adokotala anamuuza kuti sichidzabweranso.

"Adokotala sananame," anatero namwino. "Koma uja anali A. Uyu ndi wina."

Anatenga cholembera n'kulemba zilembo zisanu kuseri kwa envulopu. Anati tizilombo timeneti si tapachibale ayi, tangokhala ngati alendi a nyumba imodzi, nyumba yake n'kukhala chiwindi. A ndi E amalowera pakamwa, m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa, amasokosa kenako n'kuchoka, ngakhale E sachitira chifundo amayi apakati. B ndi C amayenda ndi magazi, ndipo amatha kukhala phee zaka makumi awiri akudya chiwindi mwini wake akunenepa. D payekha sangachite kanthu, amachita kubwereka chikhoto cha B kuti alowe m'thupi.

"Mwamuna wa thupi ngati langali?" anafunsa wometa akudzimenya pachifuwa.

"Chikomekome cha nkuyu, bambo. Bweretsani chala."

Anadikira mphindi makumi awiri. Pakachipangizo koyezera magazi panatuluka mizere iwiri, kusonyeza kuti nayenso anali nako kachilomboko. Wometa nthabwala zonse zinamuthera.

Namwino anawalimbitsa mtima. Anati mwana adzabayidwa katemera tsiku lobadwa lomwelo, awiriwo aziyezedwa chiwindi pafupipafupi, ndipo asataye nthawi kulozana zala poti palibe angadziwe amene anayamba. Atamva ntchito ya bamboyo, anasiya kulemba. Anafunsa ngati kasitomala aliyense amametedwa ndi lezala lakelake, chifukwa B amatha sabata yathunthu ali moyo m'kadontho ka magazi ouma. Ngati malezala ankabwerezedwa, anthuwo ayenera kuuzidwa kuti akayezetse.

"Aliyense lake," anayankha wometa.

Linali bodza, ndipo mkazi wake ankadziwa. Wometa ankathyola lezala pawiri, theka la m'mawa, theka la masana, monga anamuphunzitsira amalume ake. Thovu ankalipukutira pachikhatho chake chamanzere, chomwe chinali ndi timabala tosatha. Akamaliza ankapaka munthu sipiriti pakhosi, ndipo munthuyo akati "ashii" onse ankakhulupirira kuti zoipa zafa. Lezala lenilenilo sipiriti silinkamuona.

Ali panjira mkaziyo anayankhula koyamba.

"Bambo a kunyumba, mwanamiziranji anamwino?"

Wometa anati mumsewu mwawo nkhani imathamanga kuposa njinga. Akangouza munthu mmodzi, pofika mawa mpando wake udzakhala wa ntchentche, ndiye mwana akubwerayo adzadya chiyani? Kuyambira lero agula malezala ambiri, basi, zakale zapita. Mkaziyo sanatsutse. Anangoti zakalezo zili m'matupi a anthu, n'kukhotera kunyumba.

Pakhomo pa shopu anapeza telala wa chipinda choyandikana nayo akumudikira. Anali bambo wachikulire amene ankameta ndevu pamenepo Lachisanu lililonse kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndiye anasoka suti ya ukwati wa wometa. Anakhala pampando mwapang'onopang'ono, akudandaula kuti masiku ano chakudya sichikulowa, koma lamba akuthina.

"Ukalamba, mphwanga," anatero telala. "Miyendo ikuonda, mimba ikukula. Akazi anga akuti ndipikisana ndi akazi ako."

Wometa anamukulunga nsalu pakhosi, n'kumukweza chibwano kuti aone ndevu. Kuwala kwa pawindo kunagwera pankhope ya telala. Maso ake, m'mbali moyenera kuyera, anali achikasu.

Wometa anaima burashi ili m'manja, thovu likudontha pansi. Ankachita mantha, ndipo ankadziwa kuti mwina si iye amene anamupatsira matendawo, mwinanso ndi iye. Panja anthu awiri anali atakhala kale pabenchi kudikira, ndipo chitseko chinali chotsegula moti ankamva zonse.

"Bwanji, lezala latha?" anafunsa telala.

Wometa anamasula nsalu ija, n'kuipinda bwinobwino.

"Achimwene, lero sitimeta. Tiyeni kuchipatala, ndikuuzani tikuyenda." Kenako anatembenukira kwa awiri a pabenchi aja. "Inunso musachoke, tipitire limodzi. Nkhaniyi ndi yanunso."