Levisoni Akwatitsa Nyemba

Levisoni Isaki anagwira ntchito yopalira pamalo ofufuzira zaulimi ku Chitedze zaka ziwiri. Pobwerera kuchikamwini ku Kabudula mu 1956, mumtima anali atadzikweza kale kukhala katswiri wa mbewu.

Chaka chimenecho nyemba zake zofiira, zikuluzikulu, zinadwala. Masamba anachita mawangamawanga n'kukwinyika, zomera n'kupinimbira. Koma tinyemba totuwa ta mkazi wake Anesi tinali tobiriwira mumzere woyandikana nawo, chonsecho nsabwe zofalitsa matendawo zinkatera ponseponse.

"Ndizikwatitsa," anatero Levisoni. "Ana ake atenge kukula kwa zanga ndi kulimba kwa zanu."

"Kodi ankhoswe ake mukhala inu nomwe?" anafunsa Anesi.

Ku Chitedze anaonapo anthu akuchita zimenezi, koma anaonera patali, khasu lili m'manja. M'mawa uliwonse ankagwada m'munda ndi singano, kutsegula maluwa n'kumapaka ufa wa duwa lina pa linzake. Maluwa amene anawononga sawerengeka. Zitheba zitatu zokha ndiye zinagwira.

Mbewuzo anakabzala kudimba, ndipo panalibe chomera ngakhale chimodzi chimene chinadwala. Levisoni anayamba kuyenda manja ali kumbuyo. Atakolola anagawira mudzi wonse, aliyense kadzanja, akunena kuti, "Matenda aja ndathana nawo ine."

Mvula itagwa, nyemba zitakula, mlamu wake Obadiya anamuitanira kumunda.

"Alamu, tabwerani mudzaone adzukulu anu."

Levisoni anayenda mzere wonse akuwerenga chamumtima. Pafupifupi chimodzi pa zomera zinayi zilizonse chinali chokwinyika. Anathamangira m'munda wina, nakonso chimodzimodzi.

"Ndiye kuti kufooka kuja sikunathe," anatero atakhala pamzere. "Kunangobisala mwa ana, kwadzatulukira mwa adzukulu."

"Ngati dazi la kwanu, eti?" anatero Obadiya.

Levisoni anagwira pamutu pake n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ndinaonera theka la ntchito, alamu. Theka linalo ndinali nditapita kukanola khasu."

Sanagawirenso munthu. Ankazula zodwala, ndipo mbewu za chomera chilichonse chathanzi ankazisunga m'chikho chakechake, n'kudzazibzala mumzere wakewake. Mzere ukatulutsa chodwala ngakhale chimodzi, wonsewo unkapita mumphika. Banja linadya nyemba mpaka ana ake anayamba kuthawira kwa azakhali awo kukasaka therere.

Patatha zaka zitatu panatsala mizere iwiri yosadwala. Nyemba zake zinali zapakatikati, za mtundu wosadziwika bwino, koma zinkabereka. Anthu anabwera okha kudzapempha, ndipo anazitcha Kadzitame.

Tsiku lina pamsika wa ku Nsaru mayi wina anazitola m'lichero la Levisoni n'kufunsa chifukwa chake zinali ndi dzina lotero.

"Mwini wake ankalongolola kwambiri, mayi," anayankha Levisoni. "Ndimamudziwa bwino. Koma kabzaleni, sizidwala."