Kuseri kwa Phiri la Kalambwe

"Tayandikitsa," anatero a Samueli, akutsinzina diso limodzi. "Ayi, wanyanya. Ukufuna ndiinunkhize?"

Martin anabweza pang'ono foni imene ankawaonetsa. Bambo akewo anali pampando pansi pa mtengo wa nimu, dzanja lamanzere lili gone pamwendo monga linkakhalira chidwalireni sitiroko. Pafonipo panali phiri lobiriwira, mtambo woyera utakhala pamsonga pake, chigwa chili yalaa m'munsi.

"Lokongola," anatero mkuluyo. "Ndi la kuti?"

"Ndi Kalambwe, bambo. Phiri la kwanu."

"Kalambwe wake uti? Kalambwe ali ndi linunda ngati ng'ombe, ndipo kumanzere kuli thanthwe long'ambika pakati. Ili ndi phiri la pakalendala."

A Samueli anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzalima ku Chinguluwe, ndipo makolo awo atamwalira sanabwererekonso. Tsopano ankasungidwa kwa Martin ku Senga Bay. Mvula itangoyamba anayamba kunena zoti akufuna akaone phiri lawo, koma adokotala anakaniza: thupi limenelo silikanapirira msewu wokhotakhota wa ku Golomoti. Martin anali dalaivala pa loji ina, ndipo msewuwo ankaudutsa kawirikawiri ndi alendo okonda kuimitsa galimoto pakona iliyonse kuti ajambule mapiri. Mlendo wina anamuphunzitsa kuti pojambula dzuwa lizikhala kumsana, ndipo mawaya a magetsi ndi anthu odutsa asamalowe m'chithunzi. Chithunzi cha Kalambwechi anachidikira mpaka mtambo utakhala bwino, alendo akumuombera m'manja.

Ella, mkazi wa Martin, anabwera ndi phala n'kugwada pambali pa mpando.

"Bambo, tamwaniko likadali lotentha."

"Ndikadya kwathu," anatero a Samueli, akukankha mbaleyo ndi dzanja labwinolo.

Sabata yonseyo ankangolawa n'kusiya. Malaya anali atayamba kuwakulira m'khosi.

Kuseri kwa nyumba Martin analankhula motsitsa mawu. "Amake Lydia, kapena mutu wayamba kusokonekera? Munthu angaiwale phiri lobadwira?"

"Kapena mwajambula phiri la eni ake," anatero Ella akutsuka mbale. "Inu chilichonse chotukuka mumajambula. Tsiku lija simunajambule chulu?"

"Ndi Kalambwe. Ndinafunsa anthu ogulitsa makala pamsewu."

"A makala munawafunsa, mwini phiri simunamufunse. Safunsa anadya phula, bambo a Lydia."

Martin anabwerera pansi pa mtengo n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo ake. Kumudziko anapitako kamodzi kokha, ali kumsana kwa amayi ake, choncho panalibe chimene ankakumbukira.

"Bambo, mukadzuka m'mawa kwanu, dzuwa linkatulukira mbali iti?"

Nkhope ya mkuluyo inamasuka. "Kuseri kwa phiri. Linkachedwa kutipeza. Anthu a midzi ina ankatinena kuti ndife aulesi, chonsecho ndi Kalambwe ankatibisira m'mawa."

Martin anayang'ananso chithunzi chija. Iye pojambula paja, dzuwa la m'mawa linali kumsana kwake, phiri lili kutsogolo. Ndiye kuti anaima kum'mawa, mbali ya msewu, pamene mudzi wa bambo ake unali kuseri kwina. Mutu wa mkuluyo unali bwinobwino.

Tsiku lake lopuma litafika, anakwera minibasi, kenako njinga yamoto ya kabaza imene inamuzungulitsa phirilo m'kanjira ka matope. Atatsika n'kutukula maso, linunda lija linali apo, ndi thanthwe long'ambika kumanzere kwake. Anthu anamulozera kumene kunali nyumba ya makolo a Samueli. Anapeza kuti tsopano ndi munda wa mbatata ya kachewere, mayi wina wojintcha akukumba.

"Zikomo, mayi. Ndine Martin, mwana wa a Samueli, amene makolo awo ankakhala pano."

Mayiyo anaimika khasu, nkhope itasintha. "Ine ndine Margret. Munda uno anandipatsa ndi amalume anga, mboni zilipo. Ngati mwabwerera malo, bwererani pomwepo."

"Ayi, mayi. Ndangobwera kudzajambula."

"Kujambula! Olanda malo amayamba choncho. Lero foni, mawa chingwe choyezera."

"Sindikujambula munda. Ndikufuna phirilo."

"Phiri likuoneka ndi pamsewu pomwe. Mwalowereranji m'mizere yanga?"

Martin anawafotokozera zonse: za sitiroko, za adokotala, za mbale ya phala yobwerera yodzaza. Anawaonetsanso chithunzi choyamba chija. A Margret anachiyang'ana n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Iii, mwamujambula kunkhongo! Nanga munthu akafuna chithunzi cha amayi ake, mumamupatsa cha nkhongo?" Anapukuta manja pachitenje, mawu atafewa. "Kwanu n'kwanu, achimwene. Tabwerani kuno."

Anamutengera pakamtunda kakang'ono pakati pa munda, pafupi ndi mwala wafulati wokumbika pakati. "Nyumba inali apa. Polima timapezabe mapale. Khomo linkayang'ana uko."

Martin anakweza foni. Nthawi inali yolakwika, dzuwa lili pamutu, phiri lili mbuu. Waya wa magetsi unadula thambo pakati. Kutsogolo kunali nkhokwe yopendekeka, ndipo mbuzi yomangidwa pachikhomo inkadya udzu pafupi ndi mwala uja.

"Ndiichotse mbuziyi?" anafunsa a Margret.

Martin anaganiza kaye. "Isiyeni."

Anakhala pansi pakamtundapo, monga angakhalire mwana pakhonde, n'kujambula kamodzi kokha. Potsanzika, a Margret anamuthirira kachewere m'jumbo mpaka kudzaza.

"Mukawauze bambo anu kuti dothi lawo likuberekabe. Koma za munda musayambe."

Anafika ku Senga Bay anthu atagona kale, ndipo anadikira kuti kuche. M'mawa anapeza bambo ake pansi pa nimu paja, n'kuwaikira foni m'dzanja.

A Samueli anayang'ana nthawi yaitali. Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono pa linunda lija, n'kutsikira pathanthwe, n'kudzaima pamwala wokumbika.

"Apa amayi ankaperapo mawere," anatero. Kenako anakwinya nkhope. "Nanga mbuzi iyi ndi ya yani, ikudya pakhomo pa amayi?"

"Ndi ya a Margret, amene akulima pamenepo. Akupatsani moni, ndi kachewere."

"Auzeni aimangire kutali." Anayang'ananso pafoni. "Kachewereyo ndi wa pamenepa?"

"Wa pomwepo, bambo. Anakumba ine ndikuona."

Mkuluyo anatembenukira kukhitchini. "Amake Lydia! Taphikani kachewereyo. Muthire mchere womveka, adokotala kuno kulibe."

"Adokotala ndine pano," anayankha Ella, koma anali atayamba kale kusenda.

Foni inazima m'dzanja la a Samueli, ndipo anaigwedeza mwamantha. Martin anaitenga, n'kuikonza kuti isamazimenso, n'kuitsamiritsa pakapu patebulo, moyang'anana ndi mpando wawo.

Mbatata itapsa, nthawi ya ntchito ya Martin inali itakwana. Alendo ankamudikira kuti apite nawo kumapiri. Anavala yunifolomu yake n'kuima pachipata.

"Mwaiwala foni," anatero Ella. "Lero mujambula ndi chiyani?"

"Lero ndingoyendetsa galimoto."

Atacheuka, anaona bambo ake akuuzira mbatata yotentha, maso ali paphiri la kwawo.