Masamba a Fodya a Doña Eufemia

Belkis anali atagwira ntchito zaka zambiri kunyumba yosungirako okalamba ya masisitere ku Tamboril, ndipo ankaigwira monga anaipezera: kusambitsa, kudyetsa, kumwetsa mankhwala, kugoneka. Wokalamba akavuta ankamukhazika pampando n'kumukulunga nsalu m'chiuno kuti asadzuke. Iye sankaona ngati ndi nkhanza. Manja anali ochepa, okalamba ambiri.

Ovuta kuposa onse anali Doña Eufemia, mayi owonda a zala zazitali, amene matenda oiwalaiwala anali atawasokoneza mutu. Chilichonse chogwera m'manja mwawo ankaching'amba. Mapepala opukutira pakamwa, kalendala ya pakhoma, ngakhale masamba a maluwa a sisitere wamkulu, ankazing'amba pakati mosamala n'kuzisanja pantchafu. Ukawalanda, ankakutukwana mpaka akwanu onse.

Chaka chimenecho kunabwera namwino wochokera ku Santiago, dzina lake Nurys, kudzaphunzitsa ogwira ntchito kasamalidwe kena. Ankakumana m'chipinda chodyera Lachinayi masana, akumwa khofi, ena akuyasamula. Nurys anawauza kuti aleke kukangana ndi okalamba pa za tsiku ndi chaka, aleke kuwamanga, ndipo anati zimene iwo ankazitcha misala nthawi zambiri zimakhala zidutswa za moyo wakale wa munthuyo. Kenako anapatsa aliyense wokalamba mmodzi kuti akafufuze kuti anali ndani asanafike pakhomopo. Belkis atagweredwa ndi Doña Eufemia anzake anafa nazo nseko, wina n'kumulangiza kuti ayambe wagula chipewa chachitsulo.

Mwana wa mayiwo, Marisol, ankakhala ku New York ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha. Choncho Loweruka lina Belkis anakwera njinga yamoto kupita kudera kumene Doña Eufemia ankakhala kale. Pakhonde la nyumba yoyandikana ndi yawo yakale anapeza mayi wina wachikulire, Doña Tata, akusankha nyemba, ndipo atawafotokozera za kung'amba kuja, mayiwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye umafuna achite chiyani, mwanawe? Munthu wasolola fodya chiyambire utsikana wake."

Anamukhazika pansi, anamuthirira khofi. Anamuuza za fakitale ya ndudu imene ankagwirako iwo ndi Eufemia, za holo yaitali yotentha, amayi atandandalika m'mizere, masamba pantchafu, aliyense akusolola mtsempha wapakati kuti tsamba ligawike pawiri osaboola. Wailesi inkalira tsiku lonse, miseche inkayenda kuchokera kukhomo mpaka kumapeto. Eufemia ndiye anali wachangu kuposa onse, wapakamwa kuposanso, ndipo Loweruka ankavina merengue mpaka nsapato kusomoka.

Azakhali ake a Belkis amene anamulera ankagwira ntchito yomweyo. Anakumbukira mmene ankawaperekera mpunga ndi nyemba masana, ndi fungo lija lotsekemera, lowawirira, limene silinkachoka m'diresi lawo ngakhale litachapidwa. Pobwerera anadutsa pa fakitaleyo. Tsopano ankagulitsirapo matayala.

Msuweni wake wina, amene ankagwira pa fakitale yatsopano, anamupezera mtolo wa masamba a fodya osagulitsika. Belkis anawawaza madzi, anawakulunga m'nsalu. Nurys anamuuza kuti angowaika patebulo, akhale pambali, asafunse kanthu.

Doña Eufemia anayamba ndi kununkhiza. Anatenga tsamba limodzi, analitambasula, analiyang'ana padzuwa la pazenera.

"Wanyowetsa fodyayu ndani? Wachita kumumiza."

Kenako zala zija zinayenda zokha. Anagwira nsonga, anazunguliza tsamba padzanja, mtsempha n'kusololoka wonse. Atasanja zidutswa ziwirizo pantchafu anamuyang'ana Belkis kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe watsopano, khala pansi. Kapitawo akakuona uli chilili akuthamangitsa lero lomwe."

Belkis anakhala pansi n'kuyesa. Tsamba linang'ambika m'mbali.

"Zala ngati nthochi," anatero Doña Eufemia, koma anamugwira dzanja n'kumuonetsa pogwira.

Sikuti anachira. Ankaiwalabe kuti adya, ndipo masiku ena ankakana kusamba. Koma m'mawa uliwonse ankapita "kuntchito" patebulo la pazenera, ndipo nsalu ya m'chiuno ija sinafunikenso. Maluwa a sisitere anapuma.

Mu Disembala Marisol anafika ndi masutikesi ake. Zaka zam'mbuyomo ankagwada pamaso pa mayi ake n'kumabwereza kuti ndine mwana wanu, mpaka mayiwo kukwiya, iye n'kutuluka akulira. Ulendo uno Belkis anamuimitsa pakhomo n'kumuuza zimene anaphunzira: kuti asawakokere kuno, awatsatire kumene ali. Marisol anakayika, koma anavula mphete zake n'kukhala pampando wa Belkis.

Doña Eufemia anamukankhira masamba osamuyang'ana. Anagwira ntchito kwa kanthawi, kenako mayiwo anayamba kudandaula kuti usiku sanagone, kamwana kawo kanali kutsokomola, ndipo akasiya kwa Tata.

"Dzina lake ndani?" anafunsa Marisol.

"Marisol. Uzikaona kakulemba! Kameneko sikadzagwira fodya ayi, kali ndi mutu. Koma makani, ngati abambo ake."

Marisol anawerama, misozi ikugwera patsamba limene linali m'manja mwake. Mayi ake anamudzudzula kuti fodyayo ndi wonyowa kale. Iye anaseka, anapukuta m'maso ndi mkono, n'kufunsa kuti bambo amakaniwo anakumana nawo kuti.

Belkis anawasiya, anapita kukadyetsa ena. Atabwerera masamba anali atatha kalekale, koma awiriwo anali akadali pomwepo. Doña Eufemia anali kufotokoza za dansi ina ya kubwalo la tchalitchi, za mvula imene inagwa mwadzidzidzi, za mnyamata wa nsapato zobwereka amene anawafunditsa jekete. Marisol, amene nkhaniyi anali asanaimvepo, ankafunsa dzina la munthu aliyense wotchulidwa, ndipo mayi ake ankawakumbukira onse.