Mapazi pa Matabwa a Bwana

Mmisiri Reinford anali atapala matabwa a mlombwa a pansi m'nyumba ya a Morton, manijala wa esiteti ya tiyi, mpaka kuyera mbee. Bwanayo ankafuna mlombwawo ude, akazi awo pochokera ku Blantyre adzapeze nyumba yasintha. Poweruka Reinford anawachenjeza: "Bwana, pasaponde munthu wonyowa mapazi. Thabwa lopala likamwa madzi, utoto umadzaulula."

Mvula inagwa mpaka kucha.

M'mawa Reinford anagwada pakhomo la kukhitchini n'kuviika sanza mu utoto wolowa m'thabwa uja. Atangopaka kawiri, pathabwapo panatuluka phazi lopanda nsapato, lakuda bii kuposa ponse. Nyumba zakale za azungu zimenezi anthu a kumalaini, kokhala antchito a paesiteti, amazinenera zambiri, ndipo Reinford, ngakhale sajomba kutchalitchi Sabata, zoterezi amatchera nazo khutu ndithu.

Anapakanso. Linatuluka lina, kenako linanso, kulunjika kukolido. Mzukwa wanji wolowera kukhitchini ngati wantchito? Anayesa kuseka koma zinakanika. Anawerama n'kuyang'anitsitsa phazi lakumanja. Linalibe kachala kakang'ono.

Mkazi wake Anesi, wothyola tiyi, kachala kameneko kanaduka ndi khasu ali mwana. Dzulo lake anatsanzika kuti akukaona amayi ake ku Goliati, ndipo anali asanabwere.

Mantha a mizukwa anatha pomwepo, kunabwera oposa. Akanatha kusiya, koma dzanja linkangopaka lokha, kuvumbulutsa mapazi a mkazi wake limodzilimodzi mpaka pachitseko cha chipinda chogona bwana. Obwerera panalibe.

"Anesi!"

Anakankha chitseko. Bedi linali loyalidwa bwino, munthu mulibe. Mtima unayamba kukhala pansi, mpaka atakumbukira zomwe mmisiri aliyense amadziwa: phazi louma silisiya chizindikiro. Anesi anatuluka ndithu, koma mapazi atauma kalekale.

Kumbuyo kunamveka nsapato. A Morton anaima pakhomo, maso ali pamapaziwo. Sanafunse kuti ndi a ndani.

"Zingatheke kudetsa ponse kuti izi zisaoneke?"

Reinford anaganiza za nyumba yawo ya kumalaini, yomwe ndi ya esiteti, ndi ana ake atatu ogona momwemo.

"Zitheka, bwana."

Anaviika sanza ija, nayamba kupaka pa phazi lopanda kachala.