Dzanja la Munthu Wina

"Iwe, ukupenta chikhadabo kapena chala chonse?"

Anafunsa choncho anali mng'ono wake wa mwini saluni, mayi wogulitsa nsalu, amene anali atayala dzanja pa katebulo ka pakona. Nazikhadabo anaika kaburashi pansi. Ananyowetsa thonje, kupukuta utoto umene unatayikira pakhungu, n'kuyambiranso.

Dzina la Nazikhadabo anamupatsa ndi atsikana oluka tsitsi m'saluniyo, chifukwa nthawi zonse akabwera kudzacheza, dzanja lake lamanzere limakhala litasintha mtundu. Chithereni ntchito yake ya m'sitolo, anadziphunzitsa yekha kukonza zikhadabo. Sukulu yake inali foni basi: kuonera vidiyo, kuimitsa, kubwereza, kenako kuyesera padzanja lake. Ndipo dzanjalo linkakongoladi, osanama.

Mmawa wa tsikulo mwini saluni anamuuza mosapita m'mbali: "Katebulo kaja akukafunanso mayi wa mawigi, ndipo ndamulonjeza yankho lero. Ukonze mng'ono wangayu ndione. Zikandisangalatsa, malowo ndi ako."

Kupala kunatheka, ngakhale movutikira. Utoto woyamba, wotuwira uja, unakhalanso bwino pang'ono. Panatsala zoyera za kunsonga, zimene zimayenera kukhala zopyapyala pakati n'kutsikira m'mbali. Padzanja lake Nazikhadabo ankazilemba uku akucheza. Lero kaburashi kankamulemera ngati mpini wa khasu. Anaona kuti china chake sichili bwino, koma mwini saluni ankamuyang'ana pagalasi, ndiye anangopitiriza. Atamaliza zala zonse, analowetsa dzanjalo m'kanyale koumitsira.

Mayi wa nsalu analitulutsa, n'kulitambasula patsogolo pake. Kenako anaitana mkulu wake.

"Akulu, tabwerani mudzaone. Zikhadabo zanga zikunditulutsira malilime."

Oluka tsitsi anasiya mitu ya makasitomala n'kuthamangirako. Zinali zoona. Pachikhadabo chilichonse zoyerazo zinatulukira mimba pakati, m'mbali mulibe kanthu. Zonse zinali zozondoka.

"Imeneyi ndiye fashoni yatsopano," anatero woluka wina, wamtali wokonda zonyoza. "Ya pafoni. Ife sinatifike."

"Pepani asisi, ndipukuta pompano."

Anapukuta, koma palibe chinachoka. Utoto wa mtunduwo ukangolowa m'kanyale umauma gwa, ndipo kuti uchoke mpaka upalidwe ndi kunyikidwa m'mankhwala.

Mwini saluni anabwera, chipeso chili m'manja. "Tandionetsa dzanja lako." Analiyang'ana, n'kuyang'ananso la mng'ono wake. "Lakoli anakukonza ndani? Unene zoona."

"Ndinadzikonza ndekha, mayi."

"Nanga izi wakonza ndani? Mzukwa?"

Nazikhadabo anaika dzanja lake patebulo, pafupi ndi la kasitomala, ndipo m'pamene anazindikira. Zala zake zinaloza kutsogolo, kumene zakhala zikuloza masiku onse amene ankaphunzira. Zala za kasitomala zinaloza kwa iye. Dzanja lake lamanja linazolowera kupinda mzerewo mbali imodzi yokha, ndipo linapinda momwemo osafunsa kuti zala zayang'ana kuti.

"Mayi, sindinakonzepo munthu atakhala moyang'anizana nane."

"Ndiye unkaganiza kuti makasitomala azikutumizira manja okha, iwo n'kutsala kunyumba?"

Saluni yonse inaseka, ngakhale agogo amene anali m'chowumitsira tsitsi, amene sanamve n'komwe nkhaniyo.

"Mundilole ndikonze dzanja linali. Chonde asisi, linali lokha."

Mayi wa nsalu anapumira m'mwamba. "Chita msanga. Ndasiya sitolo m'manja mwa mlamu wanga, ndipo munthu ameneyo sadziwa kusiyanitsa silika ndi chiguduli."

Nazikhadabo anayesa chala choyamba atakhala pomwepo. Mutu unkadziwa kopita, dzanja linkakana. Mzere unatuluka wokhotakhota ngati njira ya nyerere. Anapukuta. Anayesanso, zomwezo. Kenako anadzuka mwaukali, kukoka mpando wake, kuuika pambali pa kasitomala, n'kutenga mkono wa mayiyo kuulowetsa m'khwapa mwake kuti zala ziloze kutsogolo.

"Aaa! Iwe! Ukundipititsa kuti?"

"Mungopirira pang'ono, asisi."

Kaburashi kanayamba kuyenda kokha. Chala ndi chala, zoyerazo zinakhala bwinobwino, zopyapyala pakati, zotsikira m'mbali. Oluka tsitsi anasiya kuseka. Koma mayi wa nsalu anali atapendekeka, tsaya lili paphewa la Nazikhadabo, ndolo itakodwa mu bulauzi.

"Khosi langa, mayo! Komanso mwana iwe watuluka thukuta, mkono wanga wonse wanyowa."

Dzanjalo litauma, mwini saluni analitembenuza uku ndi uku. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ili lokha ndi labwino," anatero. "Sindikunamiza, luso ulinalo. Koma ine sindingauze mkazi wa munthu, wavala zake zoyera, kuti lowani m'khwapa mwa mtsikanayu. Mng'ono wanga wapirira chifukwa ndi wapachibale. Wina adzandiyalutsa."

"Mundipatse nthawi, mayi. Ndiphunzira."

"Udzaphunzirira pa makasitomala anga? Ayi. Katebuloko ndikupatsa wa mawigi. Tsopano chotsa malilime akowo, munthuyu azipita."

Kuchotsako kunatenga nthawi kuposa kupaka. Anapala, kunyika thonje, kukulunga zala, kudikira, kupalanso. Mayi wa nsalu ankangoyang'ana kukhomo, mwendo ukugwedezeka. Utoto utachoka sanalole kuti apakidwenso.

"Zisiye choncho. Anthu akandifunsa ndiziwauza kuti dzanja lina likadali pa ngolo, likubwera."

Anatuluka dzanja limodzi lokongola, lina lotuwa mbuu. Nazikhadabo asanamalize n'kulongedza komwe mabotolo ake, mayi wa mawigi anali atafika kale ndi mitu yake yapulasitiki, akupukuta katebuloko.

Nazikhadabo atafika kunyumba anapeza mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, atakhala pakhonde akuvula nsapato za kuntchito. Dzuwa linali lisanalowe.

"Zayenda bwanji, amayi?"

"Sizinayende. Kasambeni m'manja ndi sopo."

"Chakudya chapsa kale?"

"Palibe chapsa. Kasambeni m'manja."

Bamboyo atabwerako anapeza katebulo ka m'chipinda kali pakhonde, mabotolo atandandalikidwa, mipando iwiri itayang'anizana. Anaima patali.

"Ayi, ayi. Ine? Anzanga ku shedi adzanditcha chiyani?"

"Ndichotsa musanagone. Khalani apo. Osati pambali panga, uko, mundiyang'ane."

"Zikhadabo zanga ndi zakupsa izi, zina zinathothoka ndi nyundo. Bwanji osapempha mayi a pakhomo lapafupili?"

"Mawa ndi iwowo. Mkucha ndi mlongo wanu. Lero ndi inu."

Bamboyo anayang'ana kumsewu, uku ndi uku, n'kukhala pansi ngati munthu wodikira jakisoni. Anayala dzanja lake lokhakhala patebulo, zala zitaloza kwa mkazi wake. Nazikhadabo anaviika kaburashi, n'kulemba mzere pachala chachikulu. Unatuluka wokhota.

"Apa ndiye watha?"

"Khalani chete. Musagwedere."

Anapukuta ndi thonje, n'kuviikanso kaburashi.