Kuseri kwa Katani

"Tulutsani ana, nthawi yakwana," Nesi anauza mwamuna wake uku akupukuta galasi la laputopu yobwereka.

Sanali nesi ayi. Ankakolopa m'mawodi a chipatala, ndipo dzinalo anzake anamupatsa momuseka atamva kuti akuphunzira zosamalira odwala pa intaneti. Maphunzirowo anawakoka movutikira, pafoni yosweka galasi, anzake akamapuma masana. Tsikulo linali la mayeso obwereza. Akalepheranso, mwayi wina panalibe.

Lamulo la sukuluyo linali losavuta kwa amene analilemba: kamera ikhale yoyaka, wolemba asadzuke, asacheuke, m'chipinda musamveke mawu a munthu wina. Koma nyumba ya Nesi inali chipinda chimodzi chogawa ndi katani.

"Ana ndawatulutsa. Nanga apongozi ndiwaike m'thumba?" anafunsa mwamunayo ali pakhomo.

"Musandiseketse inu, mtima uli m'mwamba." Mwamunayo anatseka chitseko n'kuchoka ndi anawo.

Mayi ake a Nesi anali chigonere kuseri kwa kataniyo, mbali imodzi ya thupi itafa. Kuwatulutsa panja sikukanatheka. Nesi anagwada pambali pa bedi, nawamwetsa madzi, nawakonzera pilo.

"Amayi, chonde, ndikayamba musandiitane. Makinawa akamva mawu aziti mukundiuza mayankho."

"Ine, woti sukulu sindinaipondeko?" anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Lemba, mwanawe. Ndikhala chete."

Mafunso oyambirira anayenda bwino. Ali mkati molemba anamva kapu ikugwa, kenako thupi likugwera pasimenti. Ndiye kunamveka mawu otsika, a munthu wochita manyazi kupempha.

"Mwanawe, ndagwa."

Nesi sanacheuke. Maso anali pagalasi, misozi ikutsika, chala chikusankha mayankho. Anadziuza kuti watsala pang'ono, kuti satifiketiyo idzathandiza mayi omwewo. Mayiwo anaitananso kamodzi, kenako anasiya. Kusiyako kunamupweteka kuposa kuitana kuja.

Atangotumiza yankho lomaliza, pagalasi panatuluka uthenga woti mayeso ake athetsedwa chifukwa m'chipindamo munamveka mawu a munthu wina. Kokadandaula kunalibe munthu. Kunali kabokosi kolembamo kamene kamangoyankha kokha kuti zikomo.

Anakankha katani. Mayi ake anali pansi, tsaya lili m'madzi otayika, zovala zitanyowa. Anali atadziluma mlomo mpaka kutuluka magazi kuti asabuule.

Nesi anawakweza pabedi movutikira. Anadzida yekha, ndipo sanathe kuwayang'ana kumaso.

"Pepa, ndinayesetsa kukhala chete," anatero mayiwo akupumira m'mwamba. "Wakhoza?"

Nesi anatenga kansalu n'kuyamba kuwapukuta magazi pachibwano. Anapukuta nthawi yaitali, magaziwo atatha kale.

"Ndakhoza, amayi."

"Bola," anatero mayiwo, akutseka maso. "Ndiye kuti sindinagone pansipo pachabe."