Thalauzi la Aphunzitsi Aakulu

Chinandidulitsa mwendo ndi sizasi, musaseke. Inagwa patebulo n'kundibaya chala chachikulu cha phazi lamanzere, kabala kosati n'kuuza munthu. Ndinangomanga kansanza n'kupitiriza kusoka, poti mayunifolomu a sukulu anali atandipanikiza. Tsiku lachinayi thupi linatentha ngati mbaula, ndikunjenjemera, ndikubwebweta. Kuchipatala anati tizilombo ta pabalapo talowa m'magazi. Ndinatsitsimuka patapita masiku asanu ndi anayi, mapaipi ali m'mphuno ndi m'mikono, mwendo ataudula pamwamba pa bondo.

Aliyense wodzandizonda ankati, "Thokozani kuti muli moyo." Ndinathokoza mpaka kukhosi kuuma. Moyowo ndi uno, koma ngwotopetsa, abale inu. Kusamba ndi ntchito, kupita kuchimbudzi ndi ulendo, ndipo phazi lomwe anataya lija limandiyabwabe mpaka lero. Mukande pati?

Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi ka makina awiri, anga ndi a mnzanga amene timamutcha Singano chifukwa cha kuwonda. Makina anga anakhala chivundikirire miyezi isanu. Kenaka a Singano anabwera kunyumba, nakhala nthawi yaitali akupotokola chipewa.

"Akulu, sindikukuthamangitsani," anatero. "Koma ntchito yandikulira, ndipo pali mayi wina wosoka bwino akupempha malo anu aja. Bwerani Lolemba tione ngati zingatheke. Zikakanika, tisanamizane."

Atapita, akazi anga anati, "Bambo, mukufuna mukachite manyazi pamaso pa anthu? Khalani pakhomo, tidzaona chochita."

Ndinawakalipira, ndipo sanalakwe kanthu. Ndinali ndi mantha basi. Ndasoka pamalo amenewo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Akandichotsa pamenepo, ndiye kuti ndasanduka katundu woti m'mawa amutulutse padzuwa, masana amusunthire pamthunzi.

Nkhawa yanga yonse inali pa chopondera cha makina. Sabata yonseyo ndinkakhala pampando kupondaponda thabwa ndi phazi lotsalalo mpaka katumba kukokana. Lolemba ndinafika kushopu thukuta lili kamukamu, m'khwapa mutasupuka ndi ndodo zoyendera. Ndinavundukula makina, n'kuthira mafuta, n'kuponda. Anayamba kubwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anagwira, msoko n'kuyenda mowongoka. A Singano sanatembenuke, koma ndinaona kuti khutu lili kwa ine.

Cha m'ma teni koloko kunalowa aphunzitsi aakulu a sukulu ya pafupi, kasitomala wanga wakalekale, atanyamula nsalu yotuwa ya thalauzi.

"Aa, mwabwerera atelala! Ndimadikira inu. Anzanuwa amandisokera ngati thumba la simenti."

"Thumba limatsata katundu wake, aphunzitsi," anayankha a Singano.

Tinaseka tonse, ine koyamba chichokere kuchipatala. Ndinaimirira, ndodo n'kuziyedzeka kukhoma, chiuno changa n'kutsamira tebulo lodulira. Ndinawazunguliza tepi m'chiuno. Mimba inali itakula, ndipo ndinawauza osabisa. Iwo akudzikanira, ine ndikutchula manambala, a Singano akulemba pansalu ndi choko. Zinkayenda ngati kale, moti ndinaiwala.

Muyeso wa kutalika uli ndi kachitidwe kake. Dzanja lamanzere limagwira tepi pachiuno cha kasitomala, lamanja limatsika nayo mpaka pachidendene cha nsapato, ndipo telala amatsikira limodzi ndi tepiyo, bondo lamanzere pansi. Sumaganiza, thupi limangopita lokha. Langanso linapita lokha, kukagwada ndi bondo lomwe kulibe.

Ndinagwa chammbali, khu! Chitsa cha mwendo chinamenya simenti, ululu n'kundilasa mpaka m'mano. Mbale ya mapini inandigwera, mapini mbwee pansi ponse. Mayi wogulitsa zipatso pakhomo anasuzumira n'kufuula, "Mayo, agwa!" Anthu odutsa anaima. Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana nsapato za aphunzitsi, ndipo kunena zoona sindinafune kudzuka. Ndinatopa. Ndinatopa ndi kulimba mtima, ndinatopa ndi kuyesa, ndinalakalaka akanangondivundikira nsalu ngati makina aja.

"Pepani, pepani atelala," ankatero aphunzitsi, manja ali m'khwapa mwanga. "Zisiyeni, anzanuwa amaliza."

A Singano anali ataimirira, choko chili m'manja. Ndinadziwa chimene ankayembekezera kuona.

"Musandidzutse," ndinatero. "Ndafika kale pansi pano. Imani bwino, aphunzitsi."

"Koma atelala..."

"Imani mowongoka, mapazi pamodzi. Gwirani tepiyi pachiunopo, pamene pali lamba. Osayang'ana pansi, mufupikitsa muyeso."

Munthu wolamula ana mazanamazana anaima njo, atagwira tepi. Ndinadzikhwekhwereza ndi matako mpaka pa nsapato yawo, n'kukoka tepiyo kufika pachidendene.

"Fote wanu ndi theka," ndinatero. Mawu anatuluka osasa. "M'munsi sikisitini."

Choko chinalira pansalu. Aphunzitsi anatsanzika mwachangu, maso ali kumbali, anthu a pakhomo aja n'kubalalika.

Kudzuka ndiye inali nkhani ina. A Singano anandigwira mkono n'kukoka, msana wawo n'kulira, nawonso n'kukhala pansi phwaa, pambali panga. Tinakhala choncho madoda awiri a imvi, tikupuma wefuwefu, tikutola mapini mmodzimmodzi. Bandeji ya pachitsa paja inali itayamba kufiira. Ndinkadikira mawu aja akuti tisanamizane, ndipo ndinalibe mphamvu yowatsutsa.

A Singano anapukuta manja pa thalauzi lawo, nayang'ana fumbi lomwe linali litandidetsa mbali yonse.

"Mawa mubwere ndi kachiguduli koyala apa," anatero. "Simungamakhale pa simenti tsiku lililonse, mudzatidwaliranso."

Ndinalira pansi pomwepo, mapini ali m'manja.